Mzere Wofiira Pachipata

Kodi mwana amataya chiyani akaperewera msinkhu ndi chala chimodzi? Funsoli landibwerera lero kuno ku Walsall, ku England, ndikuyerekeza mapaki oti ndikasangalatseko mwana wanga, fungo la matabwa onyowa likulowera pawindo.

Fungo lomweli linali papaki ya masewera ya kunyanja kuno ku England, kumene tinapita ndi a mpingo ndili mwana. Kasitima kokwera posangalala kankauluka panjanji ya matabwa, kakulindima ngati mvula yakutali. Bambo, amene mawa lake ankabwerera ku Malawi, anali atalonjeza kuti tikwera limodzi. Amayi anandiluka tsitsi loimirira dala kuti nditalike, koma woyeza msinkhu pachipata analipsinja ndi dzanja, napukusa mutu.

"Usalire, mwanangu," anatero bambo. "Chaka chamawa udzakhala utakula."

Ndinaima pansi pa mzere wofiira wa msinkhu wololedwa kukwera, matabwa akulira m'mwamba. Viza ya bambo yobwerera kuno inali isanatuluke, ndipo panalibe wodziwa ngati chaka chamawacho adzakhalepo.