Diresi la azakhali lawamanitsa bulangete

Mwaswera bwanji nonse. Tamvani za ku Machinjiri kuno.

Paja mvula ija inagwetsa nyumba ya azakhali a Edina, moti akugona kwa ine. Lero kunabwera achinyamata a mpingo wina ndi lole ya mabulangete ndi ndowa. Anawo agwira ntchito, ndisaname, mpaka kutithandiza kufukula ziwiya m'matope.

Koma azakhali atamva kuti kukubwera alendo a Mulungu, anasamba, n'kudzola mafuta anga, n'kuvala diresi lija anasoketsa nthawi ya matipate, lokhalo lomwe linapulumuka. Akuti mlendo sulandira uli mbuu.

Mkulu wogawa zinthu anawayang'ana n'kunena kuti, "Mayi, inu a komiti taimani kaye pambali, tiyambe ndi ovutika." Nthawi yomweyo anatulukira bambo Likoswe, aneba aja nyumba yawo ili chiimire, akuchokera kudimba, matope mpaka m'mawondo. Achinyamata aja anawakumbatira, kuwapempherera, kuwajambula katatu, bulangete paphewa! Iwo osakana, koma "Ameni" wokweza.

Ndimati ndilankhule, azakhali n'kunditsina. Pomaliza anawapempha kuti atseke ndi pemphero monga a komiti. Anapempheradi, mpaka kuthokoza Mulungu chifukwa cha mabulangetewo. Lole inabwerera yopanda kanthu.

Akuti abweranso Lachisanu. Ndawauza azakhali kuti adzavale chitenje changa chong'ambika, andiyankha kuti, "Yagwa ndi nyumba, Edina sanagwe."

Ndiye titani abale? Ine sindingathe kuwapaka matope azakhali. Alipo wolimba mtima pagulu pano, kapena mungowagulira bulangetelo?