Tinakabisalira Kandege

Matope atatsika m'phiri n'kukokolola mlatho wopita kuchipatala cha mishoni, tinatsala tsidya lino, mwana wanga akutentha thupi koopsa. Masana kunabwera kandege kopanda munthu, kakulira ngati njuchi pamwamba pa tchalitchi chomwe tinathawiramo.

"Lowani, lowani, musakaloze chala!" anakuwa apongozi anga. "Ndege yanji yopanda mwini? Za afiti izi!"

Tonse tinathamangira m'kati. Ine ndinafungatira mwana, ndikusuzumira pawindo mpaka kanapita.

Asilikali anatipeza patapita masiku. Mmodzi anati, "Kandege kaja n'kathu, mayi. Sikanaone munthu pano, ndiye tinayamba kwina."

Mwanayo anachira, koma malungo anamutseka makutu. Lero ndikamuitana satembenuka. Tikanangoima panja n'kukupiza chitenje.