Chilimba Changa ndi Eyakoni ya ku Sikelo

Mwana wanga woyamba anali wakhanda pamene Okutobala anafika ndi dzuwa lake. Sikelo tinkachitira mu holo ya khonsolo, ya malata, mawindo aang'ono ali m'mwamba. Pakhoma panali eyakoni, makina aja oziziritsa mpweya, koma inali itafa. Tinkakhala mopanikizana pa mabenchi, tikukupiza ana ndi makadi a sikelo.

Tsiku lina wanga analefuka m'manja mwanga, osalira n'komwe. Anesi anamupukuta ndi nsalu yonyowa mpaka anatsitsimuka. Phokoso lathu linatulutsa woyang'anira holoyo mu ofesi yake, bambo wovala tayi.

"Ba mayi, mwaona mweka," anatero. "Mapepala a khonsolo ayenda pang'onopang'ono. Mukasonkha imwe, iyi eyakoni izauka."

Mayi wina wogulitsa tomato anaseka. "Ba bosi, mufuna tikhale monga olemela a ku Kabulonga? Ise tinazolowela kupsa."

Ena anaseka naye. Ine maso anali pa mwana wanga.

Amayi a sikelo tinali ndi chilimba: mwezi uliwonse timasonkha, mmodzi n'kutenga zonse. Mwezi umenewo unali wanga. Ndinali nditakonza zogula matumba a makala kuti ndizigulitsa pakhomo, poti bambo a mwana ankangogwira maganyu ku mafakitale. Ndinauza anzanga kuti changacho chipite ku eyakoni. Palibe anandikakamiza. Ndinkadziwanso kuti ukalandira, umadikira mpaka onse alandire kuti chikufikenso.

Kunyumba nditawauza, bambo a mwana anandifunsa: "Manje khonsolo ndiwe?"

Ndinawayankha kuti akanamuona mwana mmene analili sakanafunsa.

Wokonza anachokera ku Kabwata, anaitsitsa eyakoniyo, napita nayo. Pa sikelo yotsatira sindinatenge ngakhale kansalu konyowa kamene ndinkayenda nako. Pakhoma ndinangopeza mabowo a misomali. Ndinati mwina idakali kokonzedwa, ndinakhala pa benchi n'kudikira. Kenaka mlembi anatsegula chitseko cha ofesi ya woyang'anira, ndipo mphepo yozizira inandikhudza m'miyendo.

Ndinagogoda, mwana ali kumbuyo. Nditalowa, eyakoni ija inali pakhoma pamwamba pa mpando wa woyang'anirayo, ikulira bwinobwino.

"Ba bosi, eyakoni yathu ija?"

"Yanu?" Sanadzuke. "Ni katundu wa khonsolo, mayi. Holo ni ikulu maningi, ingafenso. Muno muli makompyuta, safuna kutentha."

"Nanga ana afuna?"

Anauza mlembi kuti atseke chitseko, mphepo ikuthawa.

Mayi wa tomato uja anafuna kuti tilowe tonse tikamutukwane. Mwina tikanatero. Koma mwana anali atayamba kutuluka thukuta, mutu ukugwera kumbali, ndipo dzina lathu linali lisanaitanidwe. Ndinaona kuti kunsi kwa chitsekocho kuli mpata. Ndinayala chitenje pa simenti pomwepo, n'kumugoneka pamene kamphepo kamatulukira.

Mayi wina anabwera ndi wake, wina natsatira. Tinayamba kusinthana, aliyense nthawi yake, monga pa chilimba. Woyang'anirayo potuluka masana anachita kulumpha miyendo yathu, maso ali pa foni.

Makala sindinagule chaka chimenecho. Mvula itayamba, bambo a mwana anandifunsa ngati eyakoni ija inakonzedwa. Ndinati inde, inakonzedwa.