Buku limene alamu anga anapatsa Pulezidenti

Lolemba m'mawa, tiyi ndisanamalize n'komwe, alamu anga a Yotamu anandiimbira foni. Iwowa ndi amuna awo a achemwali anga, ndipo amagwira ntchito ku unduna wina ku Capital Hill. Dzinalo ndasintha, undunawo sinditchula, ndipo chifukwa chake muchimva.

"Alamu, inu mumawerenga mabuku. Ndithandizeni, ndili m'madzi."

Nkhani yake inali yakuti Lachisanu Pulezidenti amabwera kudzatsegula nyumba yatsopano ya unduna wawo. Mwambo wake mukuudziwa, mlendo wamkulu sachoka chimanjamanja. Zaka zonsezi akhala akupereka ziboliboli, mipando yosema, kapena chithunzi cha mlendoyo chojambula pamanja, chija chimatuluka chofanana ndi msuweni wake. Ulendo uno a PS, mlembi wamkulu wa undunawo, anati ziboliboli zakwana, tipereke mabuku atatu olembedwa ndi Amalawi. Anakhazikitsa komiti. Komiti inakhazikitsa kakomiti. Kakomitiko kanatula katundu yense pamutu pa alamu anga, munthu amene buku lake lomaliza kuwerenga linali lokonzekera mayeso a Fomu 4.

Ine ndinakondwa, ndisaname. Ndakhala ndikulongolola patsamba lino la nyuzipepala zaka zingapo, wa boma sanandifunsepo ngakhale nthawi. Lero ndisankhire mtsogoleri wa dziko chowerenga? Ndinapukuta nsapato.

Lachiwiri masana tinakumana ku Old Town, pakasitolo ka a Nabanda, kuseri kwa msika, pakati pa telala ndi wogulitsa zitsulo za njinga. A Nabanda amadyera mabuku a sukulu, koma pashelefu yakumbuyo amasunga mabuku a olemba athu a masiku ano, aja amasindikiza okha n'kumayenda nawo m'chikwama.

Loyamba ndinawapatsa lachikuto chachikasu. Analemba ndi mayi wina, mphunzitsi wa kupulaimale. Ndi nkhani yopeka ya tcheyamani wa kalabu ya alimi amene anasankhidwa chifukwa cha pakamwa pozuna. Tsiku la chisankho anthu anamunyamula pamapewa. Zaka zikupita, feteleza sakufika, iye ali kumisonkhano. Bukuli limakuseketsa mpaka tsamba la makumi asanu, kenako umazindikira kuti ukudziseka wekha.

Alamu anawerenga kuseri kwa chikuto, n'kulibweza msangamsanga ngati lawaotcha.

"Alamu, mukufuna ndikadyere Khirisimasi ku Chitipa?"

Abale anga a ku Chitipa mundikhululukire, kwanu n'kokongola. Koma amene sanagwirepo m'boma adziwe kuti m'bomamo sakonda kuchotsa munthu ntchito. Amangokulembera kalata ya thiransifa, yaulemu bwinobwino, yokufunira mafuno abwino. Alamu ali m'nyumba ya boma ku Area 18, ana atatu ali pasukulu, achemwali ali ndi kasaluni kawo komwe anakavutikira zaka zisanu ndi ziwiri kuti kaime. Kalata imodzi ikhoza kugumula zonsezo.

Ndinatola lachiwiri. Ili ndi la namwino wopuma ntchito, akukumbukira moyo wake m'zipatala za kumaboma. Mulibe chipongwe, mulibe ndale. Muli mayi akufotokoza momwe zimamvekera kulembera wodwala dzina la mankhwala pakapepala n'kumuuza kuti akagule yekha, iwe ukudziwa kuti ngakhale ya kabaza alibe.

"Adzati tikunena za mankhwala," anatero alamu.

Buku lachitatu ndi kabuku ka ndakatulo, kopyapyala, ka mnyamata wa digiri amene amagulitsa kaunjika. Ndakatulo zina ndi zachikondi, zina ndi za envelopu ya khaki imene wayenda nayo m'maofesi mpaka inathetheka m'mbali.

"Adzati tikunena za ntchito za achinyamata zija."

Ndinati chabwino, tiyeni tithawe anthu, titenge buku la zophikaphika. Alamu anatsegula tsamba loyamba: makapu awiri a shuga, theka la botolo la mafuta ophikira. Anandiyang'ana, ine ndinayang'ana kudenga, buku linabwerera pashelefu.

A Nabanda, amene nthawi yonseyi amamata mabuku a masamu ali chete, anatukula mutu.

"Bambo, kodi mukufuna buku lonena za dziko liti? Chifukwa awa onse analembedwa konkuno."

Apa m'pamene mutu wanga unayamba kuzungulira, ndipo mpaka lero sunaime.

Pulezidenti ameneyu ine ndinamuvotera. Ndinaima pamzere dzuwa lisanatuluke, wosakakamizidwa, wosapatsidwa chitenje kapena tisheti. Chinandikoka n'chakuti ankaoneka munthu womva. Lero mizere ndikuimabe, koma ya mafuta a galimoto, ya shuga, ya chimanga. Malipiro amafika ali otopa kale. Nduna ikalakwitsa ku unduna uwu, imakapumira ku unduna uwo. Chinthu chikavuta amakhazikitsa komiti yofufuza, komiti imapereka lipoti pamwambo wa makamera, lipotilo n'kulowa m'kabati momwe simutuluka kanthu.

Koma akamalankhula pawailesi, dziko limene amalifotokoza ndimalisirira. Ndimafuna nditasamukirako.

Ndiye ndimadzifunsa: kodi akudziwa? Ngati akudziwa n'kumalankhula chonchija, ndiye kuti anatipusitsa. Ngati sakudziwa, ndiye akutilamulira ndani? Sindikudziwa kuti mwa ziwirizi chowopsa kwambiri n'chiti.

Taonani momwe timamuyendetsera. Asanadutse, maenje a mumsewu amakwiriridwa dzulo lake. Miyala ya m'mbali imapakidwa laimu. Mavenda amathamangitsidwa, magalimoto amaimitsidwa, mzere wa pafilingi sitesheni umakhotetsedwa kuti ukabisale kumsewu wakuseri. Munthu amachoka kunyumba kwake kukafika ku City Centre osaona dzenje, osaona mzere, osaona munthu wopanda mbendera m'manja. Dziko lonse amalimvera kwa anthu ena, ndipo akale anati kandimverere anakanena za m'maluwa.

Chondizunguza kwambiri n'chakuti palibe anauza alamu kuti buku lakuti n'loletsedwa. Pulezidenti sanaletsepo buku la namwino. Sindinamvepo kuti wakwiya ndi buku la zophikaphika. Mantha aja alamu anabwera nawo okha kuchokera kuofesi, ngati ambulera. Ndiye wolakwa ndani, amene timamuopa kapena ife oopafe? Komanso mtsogoleri amene watha zaka osadabwa kuti bwanji aliyense amangomuuza zabwino zokhazokha, ameneyo tingati alibe mlandu?

Tibwerere kwa a Nabanda. Tinapeza awiri osaluma: la mbalame za m'Malawi ndi la nyimbo zakwaya. Buku lachitatu linasowa. A Nabanda anatenga lachikasu lija n'kuwaika alamu m'manja.

"Mwaliweruza musanalimve. Katengeni, mukaliwerenge. Mukapeza poipa mukabweze, sindikudulani."

Alamu analitenga monyinyirika, n'kugulanso pensulo yoti akachongere masamba oopsa.

Lachinayi nthawi ya nkhomaliro anandiitanitsa ku City Centre, pansi pa mtengo pamene anthu a m'maofesi amadyera tchipisi choimirira. Maso anali ofiira. Tchipisi chawo chinali chitazizira m'mbale.

"Alamu, ndalimaliza. Tcheyamani ujatu si munthu woipa."

"Eya, ndi wofooka chabe."

"Ayi, mvetserani. Woipa ndi mlembi wa kalabu uja. Alimi akalemba makalata odandaula, iye amawaika m'dirowa kuti tcheyamani asakhumudwe. Amaganiza kuti akumuchitira ulemu. Mlembi ameneyu ndine, alamu."

Ndinafuna kuseka, koma nkhope yawo sinandilole.

"Malipoti ochokera kumaboma amafikira padesiki panga. Akalemba kuti zinthu zavuta, ine ndimakonza kuti pali timavuto tochepa. A dayilekitala amakonza kuti zikuyenda. Pofika kwa a PS zikuyenda bwino. Kumwamba kwenikweniko kaya zimafika zikuuluka. Zaka khumi ndi zisanu ndakhala ndikuchita zimenezi, ndipo amandiyamikira kuti ndimalemba bwino."

"Ndiye bukulo mwabweza?"

"Ndaliika pakati pa mbalame ndi nyimbo. Akulunga kale."

Ndinafunsa kuti nanga komiti yati chiyani. Anati komiti inakhala maola awiri kukambirana mtundu wa riboni. A PS anangoona khasu pachikuto n'kunena kuti zaulimi, zabwino kwambiri, bwana amakonda zaulimi.

Lachisanu ndinaonera pa TV. Panali magule, panali zolankhula, panali kudula riboni ina yaikulu. Kenako a PS anapereka phukusi lija atawerama. Pulezidenti analilandira ndi manja awiri, anamwetulira, analikweza m'mwamba kuti ojambula ajambule, n'kulipereka kwa msilikali wa kumbuyo kwake. Msilikali anapatsira bambo wa suti. Bambo wa suti anapatsira wina amene kamera sinamuonetse. Anthu anaomba m'manja.

Loweruka achemwali anafika kwathu osagogoda.

"Achimwene, munthu wanga anali bwinobwino asanayambe kuwerenga."

Anati alamu sakudya. Foni ikalira ndi nambala yachilendo amathawira kubafa. Lachisanu lomwelo mesenjala anabweretsa envelopu kuofesi, alamu anayamba kutsanzika anzawo, kenako anapeza kuti ndi khadi la ukwati.

"Akatisamutsa, ana anga mudzawasunga ndinu, ndi mabuku anuwo mudzawaphikira."

Ndinawapatsa mpando, anakana. Ndinamva chisoni, ndipo ndinachita manyazi, chifukwa ine ndimalemba zolimba mtima ndili pakhonde panga, pamene amene waika nyumba yake pachiswe ndi munthu amene Lachiwiri lapitali ankaopa buku la zophikaphika.

Inu owerenga, mabuku atatu aja ndikukulimbikitsani kuti muwapeze: la tcheyamani, la namwino ndi la mnyamata wa kaunjika. Maina ake sindilemba pano, poti mayi wolemba lachikasu uja nayenso amalandira malipiro ku boma, ndipo thiransifa sisankha unduna. Mwaona? Nanenso matenda aja andigwira. Pitani kuseri kwa msika mukafunse a Nabanda mabuku amene bambo wa ku Capital Hill anawakana, akakupatsani. Mukagule, musakachite fotokope. La namwino musawerengere m'minibasi, anthu angadabwe kuti mukulira chiyani. La mbalame nalonso si loipa, lili ndi zithunzi zabwino.

Mwina mukuti polemba zonsezi ndikuwaika alamu pamoto. Ndinawafunsa kaye.

"Lembani. Ngati sangamasule phukusi la riboni, nyuzipepala ndiye angatsegule?"

Anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa munthu amene sakudziwa ngati akufuna kuti zimene wanenazo zikhale zoona.

Wakutsina khutu ndi mnansi, timatero. Alamu atsina khutu la munthu wamkulu kuposa onse m'dziko muno, ndipo sitikudziwa ngati khutulo lamva. Mwina phukusi lija lili m'chipinda china pamodzi ndi ziboliboli za zaka zonse, riboni ili chimangire. Zikatero alamu apulumuka, achemwali apitiriza kuluka tsitsi, ana amaliza sukulu ku Lilongwe konkuno, ndipo malipoti apitiriza kukwera masitepe akunenepa. Mwinanso tsiku lina masana magetsi a m'mutu adzamuyakira bwana, adzamasula riboni, adzadutsa mbalame, n'kufika pa tcheyamani. Akadzafika pamenepo adzafunsa funso limodzi mwa awiri: "Kodi makalata a anthu anga ali m'dirowa ya yani?" kapena "Kodi buku ili anasankha ndani?"

Munthu amene ndinamuvotera uja akanafunsa loyambalo. Amene ndimamumva pawailesi masiku anoyu sindikumudziwa bwino.

Lero kutchalitchi abusa atiuza kuti tiweramitse mitu tipempherere atsogoleri athu. Achemwali anali pabenchi yakutsogolo kwanga, ndipo pemphero lawo ndimalidziwa ngakhale sanalitchule mokweza. Ine ndinatseka maso. Monga mlamu, ndikufuna phukusi lija lisadzamasulidwe mpaka mwana womaliza atalemba Fomu 4. Monga nzika yoima pamzere, ndikufuna alimasule mawa m'mawa. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ine ndanyowa kale.

Abusa anafika pa ameni ine ndisanasankhe. Inu mukanakhala pabenchi imeneyo, kumbuyo kwa mlongo wanu, mukanapempha kuti Pulezidenti awerenge, kapena asawerenge?