Njoka ya M'foni ya Bambo

Ndikukumbukira foni yoyamba kulowa m'nyumba mwathu, kumudzi kuseri kwa Golomoti. Inali yakuda, ya mabatani ofufutika, yomangidwa ndi kamphira kuti batire lisagwe. Magetsi kunalibe, choncho bambo ankakaitchajitsa kumsika. M'fonimo munali gemu ya njoka: kanjoka kankadya timadontho n'kumatalika, kakadziluma kafa. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo kanjokako kanandilowa m'mutu moti ndinkakaona kakuyenda m'mizere ya m'kope langa.

Chaka chimenecho amayi anali oyembekezera, masiku atatsala pang'ono. Tsiku lina m'mawa bambo ananyamuka kupita kumaliro ku Mtakataka, ndipo anandisiyira foni. "Chisomo, amayi ako akangoyamba kudwala, uimbire a Phiri abwere ndi galimoto yawo ija. Moto watsala pang'ono, usamaigwiregwire."

Ndinati ndingosewera kamodzi. Ndinabisala kuseri kwa nkhokwe, dzuwa likuswa mtengo. Tsiku limenelo njoka inatalika kuposa kale lonse. Foni inalira kawiri kundichenjeza, ine osalabadira. Kenako galasi linangoti bii.

Pasanathe ola ndinamva amayi akundiitana ndi mawu achilendo. Ndinawapeza atagwada, atagwira mwendo wa bedi, thukuta lili kamukamu.

"Imba foni, mwanangu."

Ndinadina batani mpaka chala kuwawa. Ndinachotsa batire, kulipukuta pa diresi, kulibwezera. Zii. M'mudzi monsemo munalibe foni ina.

Ndinathamangira kwa azakhali, a Nabanda, ndikulira. Amuna awo anamanga ng'ombe pangolo kuti tikafike kumsewu wa tala. Ine ndinkayenda pambuyo, fumbi lili m'kamwa, foni yakufayo ili m'manja. Amayi ankabuula ngolo ikagunda mwala. Kenako anasiya kubuula. Ndinkangoti mumtima: ndawapha ndine.

Sitinafike kumsewu. Azakhali anaimitsa ngolo pansi pa mtengo wa bwemba, amayi awiri odutsa n'kutchinga ndi zitenje. Anandithamangitsira kutali, koma ndinkamva zonse. Ndinamva azakhali akuti, "Wamwamuna." Kulira kwa mwana sindinakumve. Ndinamva kumenya kwa chikhatho, kamodzi, kawiri, mayi wina atayamba kupemphera. Sindidziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Kenako kunamveka kamawu kakang'ono ngati ka mwana wa mbuzi.

Minibasi ndi imene inawafikitsa kuchipatala ku Mua. Bambo atafika anafunsa chifukwa chimene sindinaimbire. Amayi anandiyang'ana pang'ono n'kunena kuti, "Foni yanu ija mukuidziwa, imatha moto yokha." Nkhaniyo sanaitchulenso mpaka lero.

Masiku ano kumudzi kuja madenga ambiri ali ndi sola, ndipo foni ili m'thumba la aliyense. Ine ndine mayi wa ana awiri, koma moto wa foni ukangofika theka ndimayamba kusakasaka potchajira, ndipo anzanga kuntchito amandiseka kuti ndimayenda ndi tchaja ngati mankhwala. Mlongo wanga uja, Madalitso, ndi mnyamata wamtali tsopano, katswiri wa magemu a mpira. Akabwera kudzacheza amandipatsira foni yake.

"Achemwali, tayesani, n'zosavuta."

Ndimamuuza kuti maso amandivuta. Iye amaseka, n'kupitiriza kusewera, ine n'kumangomuyang'ana akupuma.