Mayeso Anga a Kompyuta ndi Odi wa a Mbewe

Ndinanyamuka kwathu, kuseri kwa Kamwendo, mame asanaume, laputopu yobwereka nditaikulunga m'chitenje cha mayi a kunyumba ngati khanda lopita kusikelo. Ulendo unali wa ku Boma, kukalemba mayeso a ntchito yothandiza anthu m'maofesi makompyuta akawavuta. Zaka zonsezi ndinali kalaliki pa kampani yogula fodya, mpaka tsiku lomwe anatiuza kuti ntchito yathu izigwiridwa ndi kompyuta. Ndinati chabwino, poti chandichotsa ntchito ndi chimenechi, ndiphunzire kuchichiza chikadwala. Kosi yonse ndinaphunzirira pa foni, nditakhala pachulu cha m'munda mwa a Zulu, chifukwa kwathu netiweki imatera pamenepo pokha. Pachulupo lero pali dzenje lofanana ndendende ndi pokhalira panga. Wokayika apite akayeze.

Mayesowo ndi a pa intaneti ndipo malamulo ake ndi ouma. Umakhala wekha m'chipinda chotseka, munthu wa kudziko lina akukuyang'ana pa kamera. Wina akalowa, walephera. Ukayankhula, walephera. Ine mwayi unali umodzi wokha, pakuti ndalama ya mayeso inadya mtedza wonse wa chaka chino, ndipo mayi a kunyumba anandikumbutsa ndili pakhomo kuti mtedza wobwerezera mayeso sunadzalidwe n'komwe. Mlamu wanga Gift, amene ali ndi golosale ku Boma, ndiye anandilonjeza chipinda chosungiramo katundu, magetsi a sola, komanso kuti iye mwini akhala pakhomo ngati mlonda wa kubanki.

Wa kabaza ya moto anati K2,500 mpaka pa Kamwendo. Nditafunsa kuti zakwera liti, anati mafuta akugula a m'chigubu, ndipo ngati ndikufuna mtengo wa chaka chatha ndiyende ndi miyendo ya chaka chatha. Ndinakwera. Ndinamupempha ayende bwino chifukwa ndanyamula chinthu chosachedwa kusweka. Iye anamva ngati ndati andionetse maenje onse a m'boma la Mchinji. M'dzenje lina tinalowa dzuwa likuwala, potuluka kunali mitambo. Sindikuwonjezera.

Pa Kamwendo linali tsiku la msika. Minibasi ya ku Boma inkaoneka kuti yatsala pang'ono kudzaza, ndiye ndinalipira K3,000 msangamsanga. Nditangokhala pansi, anthu asanu anatsika. Anali oitanira, ongokhalamo kuti opusa ngati ine tione ngati galimoto yadzaza. Tinadikira mpaka ndinagula zitumbuwa ziwiri pawindo, ndikudya, ndikumvanso njala.

Cholakwa changa chachikulu pamsewu ndinachichita pamenepo. Kondakitala anafuna kuika mtolo wanga kumbuyo, pansi pa thumba la mbatata. Ndinakana, ndipo m'malo monena kuti muli mazira, ndinanena zoona. Galimoto isananyamuke pamiyendo panga panali mafoni anayi. Bambo wina yake inkakana kutchaja, wina anaiwala nambala yotsegulira, ndipo wina ankangofuna ndimuuze ngati mkazi wake amawerenga mauthenga ake iye akamasamba. Mayi wina wa geni ya zitenje, wopita ku Chipata, anandipatsa foni yozimiratu.

Kosi yathu imaphunzitsa kuti uyambe wafunsa chimene chinachitika chinthucho chisanawonongeke. Ndinafunsa mwaulemu wonse.

"Palibe, achimwene. Inangozima yokha."

Ndinatsegula kumbuyo kwake. Munatuluka fungo la usipa wothira tomato, moti mphaka wa pagolosale ina anadzuka n'kuyamba kulondola minibasi. Nditawauza kuti foniyi inasambira m'ndiwo, mayiwo anatembenukira anzawo n'kunena kuti a makompyuta a masiku ano ntchito sadziwa, koma kunamizira anthu. Galimoto yonse inavomereza. Ndinali ndisanalembe ndi mayeso omwe, koma makasitomala anali atandichotsa kale ntchito.

Tinanyamuka dzuwa litakwera. Tinaima kukweza matumba a mtedza, tinaimanso kutsitsa matumba omwewo chifukwa mwini wake anasintha maganizo. Penapake dalaivala anabwerera chambuyo kukatenga munthu amene, ndikulumbira, analibe ulendo uliwonse. Anangoima pamsewu akutokosa m'mano, kondakitala n'kumunyengerera mpaka anakumbukira kuti ali ndi azakhali ku Boma. Ine maso anali pa wotchi, thukuta likutsikira m'chitenje.

Tinafika ku Boma chakumasana, mathiraki opita kuboda atandandalika m'mbali mwa msewu. Gift anandilandira n'kundilowetsa m'chipinda muja: matumba a shuga mpaka kudenga, makatoni a sopo, tebulo limodzi la miyendo itatu ndi theka. Woyang'anira mayeso anali mayi wina amene sindinamuone nkhope, ankangolemba m'kabokosi pakona pa sikirini. Anati ndizungulitse kamera chipinda chonse. Ataona makatoni, anati chilichonse cholembedwa chichoke pafupi nane. Tinasenza sopo yense kupita naye kukhonde, ngati mayankho a mayeso a netiweki angabisale pa katoni ya sopo wochapira. Kenako ndinatseka chitseko, Gift anakhala pampando panja, mayeso anayamba.

Mafunso oyamba anayenda bwino. Pulinta ikakana kusindikiza uyambira pati, kompyuta ikamalira poyatsa ndiye kuti chavuta n'chiyani. Ndinayamba kudziona ndili mu ofesi yozizira, khadi lili pakhosi. Ndili pakati, ndinamva kasitomala akuitana kugolosale, mpando wa Gift n'kukhuluka. Mlonda wanga anapita kukagulitsa mchere. Pasanapite nthawi, ndodo inagogoda pachitseko.

"Odi kuno."

Mawuwo ndinawadziwa. Anali a Mbewe, amalume awo a mayi a kunyumba, nkhoswe ya banja lathu, munthu amene anandilandira pamene ndinkafunsira ndipo amene amaweruza tikayambana. Anabwera ku Boma kudzagula mbewu, n'kumva kuti mkamwini ali kuseri. Munthu wamkulu ngati ameneyo sangadutse osapereka moni.

Sindinaganize. Pakamwa panayankha pokha, monga panaphunzitsidwira ndili mwana: "Eee, taswera, kaya inu malume." Kabokosi kaja kanayaka pompo. Mayi uja analemba kuti ili ndi chenjezo loyamba ndi lomaliza, ndikangotulutsanso mawu mayeso atsekedwa. Ndinalemba mothamanga kuti ndi munthu wamkulu akupereka moni, ndipo kwathu kuno moni sabweza ndi chete. Anayankha kuti wamva, ndiyang'ane pa sikirini.

Panjapo a Mbewe anali atangoyamba kumene. Anakoka mpando wa Gift n'kukhala. Anafunsa za mdzukulu wawo, mayi a kunyumba, ine chete. Anafunsa za ana mmodzimmodzi, potchula maina, kuphatikizapo wina amene si wanga. Chete. Anafunsa ngati mvula inafika kwathu, ngati nkhumba ija inachira, ngati ndinamva za maliro a kwa Mavwere. Pa funso lililonse ankadikira yankho nthawi yokwanira munthu kupita kudambo n'kubwerako. Ine ndinaluma mlomo mpaka ndinamva kukoma kwa magazi, maso ali pa funso la momwe ungalumikizire makompyuta awiri, pamene kuseri kwa thabwa limodzi ubale wa zaka khumi ndi zisanu unkaduka waya ndi waya.

Kenako anayesa chitseko. Mwamwayi ndinali nditakhoma. Ndinawamva akuuza munthu wina pakhondepo kuti mwina mkamwini wakomoka ndi fungo la sopo, abweretse nkhwangwa. Apa m'pamene Gift anatulukira akuthamanga, n'kuyamba kufotokoza monong'ona kuti alamu ali pa mayeso, akuyang'aniridwa ndi munthu wa kunja. A Mbewe anafunsa ngati munthu wa kunjayo ndi amene anandipatsa mkazi. Ndodo inagunda pansi kawiri, mapazi n'kumapita.

Ndinamaliza funso lomaliza. Sikirini inaganiza kaye, ngati dalaivala uja, kenako inalemba kuti ndakhoza. Ndinafuna kukuwa koma ndinaopa kuti mayi uja akadalipo, ndiye ndinangokumbatira thumba la shuga.

Pobwerera madzulo, minibasi inali ndi malo amodzi okha otsala, ndipo inu mukudziwa kale amene anakhala pambali pake, kathumba ka mbewu kali pamiyendo. Ndinavula chipewa, ndinawerama mmene munthu angawerame m'minibasi, ndinapereka moni wonse ndi kupepesa komwe. Ndinafotokoza za kamera, za mtedza, za chenjezo. A Mbewe anayang'ana kutsogolo mpaka tinadutsa midzi iwiri. Kenako, osanditembenukira, anati:

"Pepani bambo, ndili pa mayeso."

Sanayankhulenso mpaka pa Kamwendo. Potsika anauza kondakitala, osati ine, kuti auze mkamwini kuti Lamulungu lino adzakhala pakhomo pawo tsiku lonse, ndipo chitseko chawo sakhoma.

Ndinafika kwathu nkhani itafika kale, poti foni ya a Mbewe ilibe vuto lililonse. Mayi a kunyumba anandiyamika pokhoza, kenako anandilozera tambala wamkulu uja tinkasungira Khirisimasi, atamumanga kale miyendo kuti ndikapepesere kwa a Mbewe. Kosi ija inandiphunzitsa kuti usanayambe ntchito pa makina uziuza onse amene akhudzidwe. Ine ndinauza Gift yekha. Amene mukufuna kulemba mayeso amenewa, musavutike ndi netiweki, imapezeka. Yambani mwazungulira abale onse aakulu, muwapatse moni wa sabata yathunthu pasadakhale, kenako mukakhome chitseko. Setifiketi akuti ibwera pa imelo. Tambala ndiye alibe imelo, ndimunyamula ndekha pa kabaza.