Tsiku limene ndinajambula mkamwa mwa apongozi

Ine sukulu sindinapite nayo patali, ndiye za pa foni zimandivuta mpaka lelo. Koma shuga itandipeza ndinaphunzila mokakamizika. Anesi a pa kiliniki kwathu ku Nyampande ndi amene anandiikila kapulogalamu kena pa foni. Kamalila m'mawa kuti ndimwe mapilitsi, kamalilanso kuti nditsuke mano, ndipo kali ndi potumizila chithunzi cha mkamwa kuti adokotala a mano ku Petauke aone usanafike n'komwe. Anesiwo anati shuga ndi nkhama zimakokana, nkhama zikatupa shuga imakwela, shuga ikakwela nkhama sizipola. Sindinatsutse. Mano anga a kumanzele anali atayamba kale kugwedela, ena anali atachoka.

Chithunzicho ndinkakajambulila ku dimba, kuseli kwa nthochi. Munthu wamkulu, wa zaka zopitilila makumi anayi, kuyasamulila foni ngati mbuzi yotsamwa, ndani angafune kuonedwa?

Ndimakhala kwao kwa mkazi wanga, ndine mkamwini. Nyumba ya apongozi anga aakazi ili kuseli kwa nkhokwe yathu. Chikwatilile sindinadyepo pamaso pao, iwonso sanadyepo pamaso panga. Tikakumana pa njila ya ku dimba, mmodzi amapatukila mu udzu. Akafuna kundiuza kanthu amauza mwana wao, ndipo iye akakhala kulibe amauza nkhuku zao mokweza kuti ine ndimve. Nawonso ali ndi shuga. Foni yanga ikalila, mkazi wanga ndi amene ankapita kukawakumbutsa.

Nthawi imeneyo mkazi wanga anali ku Nyimba, mwana wathu woyamba anali atabeleka kumene. Azimai a pamudzi nawo anali atapita ku malilo kutsidya kwa dambo, akugona komweko. Ine ndinatsala chifukwa cha mbuzi ndi kuthilila lepu. M'mawa wina ndinaona kuti pa khichini ya apongozi sipakufuka utsi. Ndinaganiza, mwina agonela. Dzuwa litakwela ndinamva kubuula. Ndinakanjuta pafupi ndi nkhokwe n'kuchita odi. Anayankha ali m'nyumba kuti ali bwino, koma mau ake anali ngati a munthu amene wavumata mbatata yotentha.

Atatuluka, ndinaba kuyang'ana pang'ono chabe. Anali atamanga nsalu m'chibwano, tsaya litatupa mpaka kufupi ndi diso. Anati chiyambile dzulo sanadye kanthu chifukwa cha dzino, koma mapilitsi a shuga akumwa ndithu. Apa ndinakumbuka kuti anesi anatichenjeza kuti mapilitsi aja ukamwela pa njala angathe kukugwetsa. Ndinati tiyeni ku chipatala. Anakana. Anati dzino silipititsa munthu wamkulu ku Petauke, akuchukucha madzi a mchele, adikila mwana wao.

Ndinakwela pa chulu, pamene timapezela netiweki, n'kuimbila mkazi wanga. Anati ngakhale atanyamuka pomwepo, minibasi zimachedwa kudzala, sangafike lelo. Anati ndiwajambule nditumize, chifukwa amai ake amamvela a chipatala, ine sangandimvele. Ndinafunsa ngati akudziwa chimene akunena, mkamwa mwa amai ake, ine.

“Mufuna ndidzapeze malilo ena pakhomo?” anatelo, n'kudula.

Ndinabwelela, ndinanjutanso, ndinalankhula ndikuyang'ana nkhokwe. Ndinafotokoza mozungulila, mpaka mau anandithela. Kenako apongozi anati:

“Bambo, mwana wanga munatenga. Manje mufuna muwelenge ndi mano anga omwe?”

Ndimaganizabe mpaka lelo ngati chimene ndinachita chinali nzelu kapena kupusa. Ndinatsegula chithunzi cha mkamwa mwanga, chija cha kuseli kwa nthochi, nkhama zofiila, mipata pamene panali mano. Ndinaika foni pa mphasa n'kuikankhila kwa iwo ndi kamtengo. Ndinati aone kuti si iwo okha, ndipo a chipatala amaona zotele osaseka. Anayang'ana nthawi yaitali.

“Ndi inu awa?”

“Ndine, amai.”

“Ndiye mwana wanga amaona zimenezi tsiku lililonse? Ndi wolimba mtima.”

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Koma anamasula nsalu ija m'chibwano, anaiphimba kumaso kusiya pakamwa pokha, n'kukhala chopenya kudzuwa. Ndinasendela chogwada. Ndinatambasula dzanja, nkhope nditatembenuzila kumbali, n'kudina. Linatuluka khutu. Ndinadinanso, unatuluka udzu wa pa denga. Kenako nsalu yokhayokha.

“Yang'anani, bambo,” anatelo ali chiphimbile. “Nsagwada zatopa.”

Ndinayang'ana. Nkhama inali itatupa kuzungulila dzino la kumapeto, pali mafinya. Fungo lake ndinalidziwa, linali lomwe lija la mkamwa mwanga shuga ikakwela. Sindidziwa chifukwa chake, koma zimenezo n'zimene zinandichititsa manyazi kwambili, kudziwa za apongozi chinthu chimene ndimabisa za ine mwini.

Ndinajambula, ndinathamangila pa chulu n'kutumiza. Yankho linabwela la mau, osati lolemba, mwayi wanga. Adokotala anati apongozi asagone, abwele lelo lomwe, koma ayambe amwa phala lamadzimadzi. Ndinawatsegulila kuti amve okha. Sanatsutsenso. Phala ndinaphika ndine, ndinaika pakhomo pao n'kukabisala kuseli kwa nkhokwe, ndikumvetsela supuni ikugunda mbale.

Kukafika pa mseu ndi kutali, ndiye ndinawakweza pa njinga. Anagwila chishalo, osati ine. Anthu ochokela ku malilo tinakumana nawo pa dambo. Alamu anga aakazi, amene anali nawo, anagwila pakamwa, mapewa akugwedezeka.

Ku chipatala anawagoneka. Anayamba atsitsa shuga ndi kutupa, dzino anachotsa pambuyo pake. Adokotala anauza mkazi wanga atafika kuti tinachita bwino kusadikila. Ine sindinamve kukoma kulikonse. Alamu aja mpaka lelo akandiona ndi foni amatseka pakamwa n'kunena kuti asajambulidwe, ndipo pamudzi ponse anamva kuti ndili ndi mipata kumanzele, poti apongozi anauza mwana wao, alamu ali pomwepo.

Apongozi atabwelako ku chipatala tinabwelela mwakale. Panjila timapatukilana, sitidyela pamodzi, ndipo chithunzi chao cha mwezi ndi mwezi amajambula ndi mkazi wanga. Chija choyamba ndinamupempha afafanize, ine sindikanatha kuchitsegulanso. Koma foni ikalila m'mawa, ndimamva mau kuseli kwa nkhokwe, akuuza nkhuku zao kuti kuno mapilitsi amwa kale, eni foni asaiwale kutsuka aja atsalawo. Ndimatenga mswachi wanga n'kupita kuseli kwa nyumba, kumene sangandione.